Ulendo wa ku Ismailia, Kumene Mtengo wa Mango Umafuna Mthunzi

Mzinda wa Ismailia uli m'mbali mwa ngalande ya Suez, pafupifupi makilomita 120 kumpoto chakum'mawa kwa Cairo, m'dera limene mvula ya chaka chonse siikwana mamilimita 50, komabe dera lomwelo ndi limene anthu a ku Egypt amayamba kulitchula akamakamba za mango okoma. Kwa munthu wokulira ku Malawi, kumene njere ya mango yotayidwa kuseri kwa nyumba imamera yokha n'kusanduka mtengo wamthunzi popanda woulabadira, chipululu ndi mango ndi zinthu zimene sizikhalira pamodzi m'maganizo. Funso la mmene mtengo wa kumadera a mvula umapiririra dzuwa la m'chipululu ndi limene linanyamutsa mlendo wa m'nkhani ino, munthu wa ku Salima wozolowera kukhala pakati pa alimi a zipatso, amene ananyamuka mu Ogasiti kudzera ku Addis Ababa, atasiya mitengo ya kwawo ili mbuu ndi maluwa, n'kukapeza ya ku Egypt italemedwa ndi zipatso zakupsa, popeza kumpoto kwa dziko lapansi nyengo zimayenda mosemphana ndi za kumwera.

Cairo amadzuka mochedwa ndipo amagona mochedwa, ndipo mlendo sanachedwe kuona kuti dzuwa ndilo linakonza ndondomeko imeneyi, chifukwa misewu imene masana imakhala ya ofulumira okhaokha imadzaza ndi mabanja ndi ana usiku kukazizira. M'mawa anadya ataimirira pafupi ndi ngolo ya mumsewu, monga amachitira anthu opita kuntchito, chakudya chotchedwa ful, chimene ndi nyemba zikuluzikulu zophikidwa usiku wonse pamoto wochepa n'kuthiridwa mafuta, mandimu ndi mchere, ndipo anachidya ndi buledi wozungulira wophwatalala amene amang'ambidwa ndi manja n'kumatapira ndiwo ngati mmene mbamu ya nsima imachitira. Anthu a kumeneko amautcha buledi aish, mawu amene amatanthauzanso moyo, ndipo Mmalawi amene amati sanadye ngati sanadye nsima safunika womumasulira maganizo amenewo. Boma limathandizira mtengo wa buledi ameneyu, moti kwa zaka zoposa 30 mmodzi ankagulidwa mapiyasita 5, mpaka mu 2024 pamene anakwera kufika pa mapiyasita 20, piyasita kukhala gawo limodzi mwa magawo 100 a paundi ya dzikolo.

Ku Ismailia kumapita msewu wachidule wodutsa m'chipululu, koma mlendo anasankha sitima yapamtunda yonyamuka pa siteshoni ya Ramses, imene imazungulira kudzera ku Benha ndi ku Zagazig, chifukwa njira imeneyo imatsata madzi. Sitima ikangotuluka mumzinda imalowa m'chigwa chimene mtsinje wa Nile umagawikana usanathire m'nyanja ya Mediterranean, ndipo kumeneko chimanga, mpunga ndi thonje zimagundana popanda kachigawo kogonera, pamene nyumba za njerwa zimakwera m'mwamba kuti zisadye nthaka yolima. M'sitimamo moni ndi wachidule koma sasiyidwa: wolowa amati sabah el-kheir, kutanthauza m'mawa wa zabwino, ndipo omuyankha amamubwezera m'mawa wa kuwala. Moni wa ku Malawi umafunsa mmene munthu wadzukira ndi mmene awasiyira kunyumba, ndipo umadikira yankho, pamene wa kuno umapereka dalitso n'kupitirira; koma ulemu umene wachepa pa moni umabwerera pa chakudya, chifukwa palibe amene amamasula kaphukusi kake osanena kwa woyandikana naye kuti itfaddal, mawu oitanira munthu kuti alandire nawo, ndipo mlendo atakana kawiri anaona kuti kukana kachitatu kukadakhala kunyoza.

Kupitirira Zagazig njanji imakhotera kum'mawa n'kulowa mu Wadi Tumilat, khwawa lalitali lopapatiza limene akatswiri ambiri amaligwirizanitsa ndi dziko la Goseni lotchulidwa m'Baibulo, ndipo m'khwawamo mumayenda ngalande ya madzi abwino imene inakumbidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860 kuti okumba ngalande ya Suez apeze madzi akumwa. Apa ndi pamene dziko limaonetsa malire ake poyera, chifukwa kubiriwira kumatha mwadzidzidzi ngati nsalu yodulidwa ndi lumo, moti munthu angathe kuponda phazi limodzi m'munda ndi linalo mumchenga. Sitima imaima pa Tel el-Kebir, pamene asilikali a Britain anagonjetsa mtsogoleri wa asilikali a ku Egypt, Ahmed Orabi, mu 1882, n'kumupirikitsira ku Ceylon kumene anakhala mpaka 1901, ndipo anthu a ku Egypt amakonda kusimba kuti iye anathandiza kubweretsa mitundu ina ya mango kuchokera kuchilumbacho. Nkhaniyo imakumbutsa kuti mango ndi mlendo ku Egypt monga alili mlendo ku Malawi, popeza kwawo kwenikweni ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo, koma ku Malawi mangowo anapeza mvula yofanana ndi ya kwawo, pamene ku Egypt anapeza mchenga, ndipo akhala moyo mpaka lero chifukwa cha ngalande ndi manja a anthu.

Ismailia weniweni, amene anakhazikitsidwa mu 1863 n'kutchedwa dzina la wolamulira wa nthawiyo, Khedive Ismail, ndi mzinda wa mitengo ndi misewu yotakasuka m'mphepete mwa nyanja ya Timsah, dzina limene limatanthauza ng'ona. Mu Ogasiti fungo la mango limamveka pa mphambano iliyonse, ndipo wogulitsa samangoti mango ayi, koma amatchula mtundu uliwonse ndi dzina lake ndi mtengo wake. Pali Owais, aang'ono, onunkhira ndi opanda ulusi, amene ali m'gulu la okwera mtengo; pali Zebda, kutanthauza batala, aakulu ndi obiriwira ngakhale atapsa, amene amafinyidwa kukhala chakumwa; pali Sukkary, otsekemera koma aulusi ngati kalisere, amene munthu wamba amawakwanitsa; ndipo pali Keitt, mtundu wochokera ku Florida umene umapezekanso m'minda ya ku Salima, umene umachedwa kupsa mpaka enawo atatha. Onsewa amagulitsidwa pa sikelo, pa kilogalamu, ndipo mlendo wozolowera kugula mulu kapena ndowa n'kupempha basera anazindikira kuti kumene chipatso chilichonse chamwa madzi olipiridwa, sikelo ndi imene imalankhula. Atatulutsa ndalama, wogulitsa anabweza dzanja n'kunena kuti khalli, kutanthauza kuti zisiyeni, ndipo munthu wina amene anali pafupi anamufotokozera kuti amenewo ndi mawu aulemu chabe, amene wogula amayankha pothokoza n'kulipira ndithu.

Minda imene mlendo ankafuna ili kumwera kwa mzinda, cha ku Serapeum ndi ku Fayed, ndipo anapitako pa minibasi yopanda kondakitala, mmene ndalama imachoka kumpando wakumbuyo n'kuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa dalaivala, chenji n'kubwerera njira yomweyo osasowapo kanthu. Dalaivala amaitanidwa kuti usta, kutanthauza mmisiri, mwamuna wachikulire amaitanidwa kuti hagg ngakhale asanapiteko ku Mecca, ndipo mlangizi wa zaulimi amaitanidwa kuti bashmohandes, dzina laulemu la injiniya, chifukwa kumeneko wophunzira zaulimi amawerengedwa pamodzi ndi omanga milatho. Kwa munthu wochokera kumene mlangizi amayenda pa njinga n'kumadikira kuti alimi asonkhane pansi pa mtengo, dzina limeneli likuonetsa mmene ulimi wa m'chipululu ulili: ndi ntchito ya miyeso, ya mapaipi ndi ya maola, imene kulakwitsa kwa sabata imodzi kumaoneka pa zokolola za chaka chonse.

Mwini munda, bambo wachikulire wovala mkanjo wautali, sanalole kuti nkhani ya mitengo iyambe tiyi asanamwedwe, tiyi wakuda wa shuga wambiri wa m'kagalasi kakang'ono, ndipo atatha anayambira kumalire a munda osati pakati pake. Kumalireko kuli mzere wa mitengo ya casuarina, mitengo yaitali ya masamba onga singano imene imapirira mchenga ndi mchere, ndipo ntchito yake ndi kuswa mphepo. Mphepo imene amaiopa kwambiri ndi khamsin, dzina lochokera ku mawu a Chiarabu otanthauza 50, imene imaomba kuchokera m'chipululu pakati pa Malichi ndi Meyi, yotentha, youma ndi yodzaza fumbi, ndipo imafika nthawi yomwe mango ali pa maluwa kapena angoyamba kumanga tizipatso. Duwa la mango ndi losalimba, moti mphepo yotentha ikaumitsa kansonga kolandirira mungu chipatso sichimangika, ndipo ngakhale chitamangika chimayoyoka chikadali ngati nsawawa. Mu 2021 alimi a ku Ismailia anataya gawo lalikulu la zokolola zawo pamene kutentha kosayembekezeka kunasinthana ndi kuzizira pa nyengo ya maluwa, ndipo m'Malichi mwa chaka chomwecho maso a dziko lonse lapansi anali pa sitima ya Ever Given imene inatseka ngalande ya Suez tsiku la mphepo yamkuntho ndi fumbi, pamene tsoka la m'minda ya m'mbali mwa ngalande yomweyo linkachitika mwakachetechete.

Kuti munthu amvetse zimene alimiwa amachita, ayenera kudziwa mmene kutentha kumapwetekera mtengo. Mango amakula bwino kukamatentha pakati pa madigiri 24 ndi 30, ndipo kukapitirira apo mtengo umadziziziritsa potulutsa nthunzi ya madzi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso tapansi pa tsamba, timene akatswiri a zomera amatitcha stomata, monga momwe thukuta limaziziritsira thupi. Koma mizu ikalephera kukweza madzi mofulumira monga mmene masamba akuwatayira, timabowoto timatsekeka kuti mtengo usaume, ndipo tikatsekeka zinthu ziwiri zimaima pamodzi, kuziziritsa ndi kupanga chakudya, moti tsamba limatentha kuposa mpweya wolizungulira pamene mtengo ukudya nkhokwe yake. Zotsatira zake ndi masamba owauka m'mphepete, khungwa long'aluka kumbali yolasidwa ndi dzuwa, ndi zipatso za banga lachikasu limene limada n'kuuma ngati chikopa, chifukwa khungu la chipatso choyang'ana dzuwa limatha kutentha madigiri 10 kapena kuposerapo pamwamba pa mpweya. Ku Ismailia, kumene masiku ena a chilimwe amapitirira madigiri 40, mtengo umakhala pafupi ndi malire amenewa kwa miyezi ingapo.

Chitetezo choyamba, chotero, ndi madzi, ndipo nzeru yake yagona pa nthawi yothirira kuposa pa kuchuluka kwa madziwo. M'minda yakale ya m'mbali mwa ngalande amathirirabe posefukiza madzi m'mizere, koma m'minda yatsopano ya pamchenga mumayenda timapaipi takuda todontheza madzi pang'onopang'ono pamizu, chifukwa mchenga susunga chinyezi ndipo madzi ambiri othiridwa kamodzi amangopitirira pansi. Mwini mundayo anafotokoza kuti amatsegula madzi usiku kapena mbandakucha, pang'ono koma pafupipafupi, ndiponso kuti akamva kuti kukubwera masiku otentha amathirira kutenthako kusanafike, chifukwa mtengo umene wakumana ndi dzuwa uli kale ndi ludzu suchira ndi madzi a masana. Pansi pa mtengo uliwonse anayalapo mapesi a mpunga ochokera kuchigwa cha Nile, amene amaziziritsa nthaka ndi kuchedwetsa kuuma kwake, njira imene mlimi wa ku Malawi wophimbira munda ndi mapesi a chimanga angaizindikire msanga. Mdani wina wobisika ndi mchere, umene umatsala m'nthaka madzi akamauma n'kuwonjezera ludzu la mtengo, ndipo n'chifukwa chake amamezanitsa mitundu yabwino pa tsinde la mtundu wopirira monga Sukkary, komanso nthawi ndi nthawi amathira madzi ochuluka kuti akankhire mcherewo kunsi kwa mizu.

Chitetezo chachiwiri ndi mthunzi, ndipo apa ndi pamene mundawo unaoneka wachilendo kotheratu. Mathunthu onse anali opakidwa laimu kuyambira pansi mpaka pamene nthambi zimayambira, kuti kuyerako kubweze kuwala khungwa lisang'aluke. Masamba ndi zipatso za mizere ina zinali zotuwa ngati zagwera ufa, chifukwa zinapoperedwa kaolin, dongo loyera losalala kwambiri limene limasungunulidwa m'madzi, ndipo likauma limasiya kansalu kopyapyala kobweza mbali ina ya kuwala kwa dzuwa popanda kutseka timabowo ta masamba, kenaka limatsukidwa chipatso chikathyoledwa. Zipatso za Keitt, zimene zimalendewera kunja kwa mtengo chilimwe chonse, zinali zitavekedwa timatumba ta pepala chimodzichimodzi, ntchito ya manja imene imatetezanso ku ntchentche zoboola zipatso. Podulira nthambi amasiya masamba ochuluka kumwera ndi kumadzulo, kumene dzuwa la masana ndi la madzulo limalasa, kuti mtengo udziphimbe wokha, ndipo m'minda ya eni chuma mumaoneka maukonde oyera otambasulidwa pamwamba pa mizere yonse, amene amachepetsa ukali wa dzuwa osadetsa munda. Koma chimene chinamugwira mtima mlendo chinali chotchipa kuposa zonsezi, ndicho mbande zongookedwa kumene, iliyonse itamangiridwa kakhumbi ka makwata a kanjedza kotseguka kumpoto, kamene kamaiteteza ku dzuwa m'chilimwe ndi ku chisanu m'nyengo yozizira. M'mera mpoyamba, ndipo alimi a kumeneko amadziwa kuti mtengo umene wapsa khungwa uli wa zaka ziwiri sudzaiwala bala limenelo.

Ku Malawi mtengo wa mango ndiwo umapereka mthunzi: pansi pake pamakhala bwalo la milandu, sukulu ya ana osowa chipinda, msika wa tomato ndi mpumulo wa wapanjira, ndipo m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, nkhokwe zikayamba kupepuka, zipatso zake zimagoneka ana ambiri osalira njala. Pa zonsezi mtengowo sulandira kanthu, ngakhale ndowa imodzi ya madzi, ndipo zipatso za boloma zimaolera pansi chifukwa chochuluka. Ku Ismailia udindowo unatembenuka, moti munthu ndiye amapereka mthunzi kwa mtengo, amauveka, amaupaka ndi kuudzukira usiku, ndipo chifukwa chakuti wauvutikira amaudziwa mtengo uliwonse monga mbusa adziwira ng'ombe zake. Kusiyanaku sikukutanthauza kuti alimi a uko ndi akhama kuposa a kuno, koma kuti chimene chimabwera chokha sichiphunzitsa mwini wake mmene chimakhalira ndi moyo, ndipo tsiku limene chayamba kudwala mwiniyo amasowa poyambira. Chisamalirocho chilinso ndi mtengo wake, chifukwa maukonde ndi mapampu ndi za mlimi wa ndalama, pamene wa mafedani awiri, fedani kukhala muyeso wa malo woposa pang'ono ekala imodzi, amadalira laimu, mapesi ndi tulo take.

Dzuwa litafika pamutu ntchito inaima, chifukwa othyola zipatso amayamba kusanache n'kuweruka kutentha kusanakule, zimene zimateteza anthu ndi zipatso zomwe, popeza mango othyoledwa ali otentha sachedwa kuwonongeka. Chakudya chinayalidwa pamphasa pansi pa mtengo wakale, ndipo panali mpunga wofiirira wophikidwa ndi anyezi wokazinga, buledi, ndi nsomba yowotcha yotchedwa bolti, imene ndi mbale wake wa chambo, moti mlendo ataiona anaizindikira asanauzidwe dzina. Onse anadyera pamodzi ndi manja, ndipo mwini munda ankakankhira zidutswa zabwino kumbali ya mlendo monga amachitira mwini khomo wa ku Malawi akapha nkhuku. Madzulo anapita naye pafupi ndi ngalande ya Suez, pamene sitima zikuluzikulu za katundu zimaoneka ngati zikuyenda pamchenga, ndipo anamulozera cha ku Serapeum, kumene madzi a Nile amadutsitsidwa pansi pa ngalande ya madzi amchereyo kuti akathirire minda ya kutsidya, ku Sinai. Madzi onsewo ndi a mtsinje umodzi, umene gawo la Egypt pa pangano logawana madziwo la 1959 ndi makyubiki mita 55.5 biliyoni pachaka, gawo limene silinakule pamene anthu a dzikolo apitirira 100 miliyoni, ndipo mlimi aliyense wa mango amadziwa kuti dontho limene wapatsa mtengo walimana tirigu.

Pobwerera ku Cairo mlendo anadzera msewu wa m'chipululu, wodutsa pafupi ndi mzinda wa mafakitale wa 10th of Ramadan, ndipo m'mbali mwake minda yobiriwira ya makona anayi inkasinthana ndi mchenga wopanda kanthu, umboni wakuti kumeneko kubiriwira kumafika pamene paipi yafika. Maganizo ake anali ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanagwe, nthawi yomwe mango akukula, ndiponso kumene ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikukumbidwa kuti madzi a Shire akafike m'minda ya m'chigwa. Madzi akadzafika, mitengo yomezanitsa imene idzabzalidwe sidzakhala yopirira ngati mitengo yakale ya m'midzi, imene mizu yake inazama kwa zaka makumi ambiri, ndipo idzafuna zimene mitengo ya ku Ismailia imafuna. Zambiri mwa izo zilipo kale ku Malawi, chifukwa laimu amagulitsidwa m'magolosale, mapesi amatenthedwa chaka ndi chaka, udzu womangira timakhumbi umamera wokha, ndipo dongo loyera la mtundu wa kaolin limakumbidwa ku Linthipe m'boma la Dedza, ngakhale kuti lopopera pamitengo liyenera kuyeretsedwa ndi kuperedwa bwino lisanalowe m'pampu. Chimene chikusowa ndi chizolowezi choyang'ana mtengo wa mango ngati chinthu chimene chingathe kumva ludzu.

Atafika ku Salima anapeza maluwa amene anawasiya atasanduka tizipatso tobiriwira, tina titayoyokera kale pansi, ndipo dzuwa la chilimwe linali litayamba kutentha m'mawa uliwonse. Kuseri kwa nyumba yake kunali mbande zisanu zomezanitsa zimene anaoka mvula yapitayo, ndipo ataziyendera ndi maso amene anabwera nawo ku Ismailia anaona kuti zitatu zinali zitawauka nsonga za masamba kumbali ya kumadzulo, chizindikiro chimene chaka chathacho akadachidutsa osachiona. Madzulo a tsiku lomwelo anamweta udzu, anadula timitengo, n'kumangira mbande iliyonse kakhumbi kake, ndipo ndowa zothiririra anaziika pakhomo kuti adzazipeze pafupi tambala woyamba akalira.